Mwagula injini ya boti yakale? Malangizo a kafufuzidwe ndi kakonzedwe kake pakhomo

Injini zambiri zimene zimakankha maboti a matabwa pa nyanja ya Malawi, kuchokera ku Makanjira ndi ku Msaka mpaka ku Senga Bay, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Likoma, zinadutsa kale m'manja mwa anthu awiri kapena atatu zisanafike kwa mwini wake wa lero. Yatsopano ndi yokwera mtengo, choncho amene akufuna kuyamba kuponya chilimira amayambira pa yakale. Zofala m'madoko athu ndi za Yamaha Enduro za mahosipawa 15, 25 ndi 40, zija timasakaniza oyilo ndi petulo m'thanki imodzi. Malangizowa alembedwa poganizira injini zimenezi, koma zambiri zikukhudzanso Suzuki, Tohatsu ndi Mariner za mtundu womwewu.

Injini ikakana kulira, ambiri amathamangira kumasula kabuleta, kugula koilo ndi kusintha mapulagi, zonse tsiku limodzi. Ikalira sadziwa chimene chinavuta, ndipo ikapanda kulira ndalama zapita kale. Njira yosunga ndalama ndi kufufuza motsata ndondomeko: mphamvu ya mpweya m'silinda, moto wa pulagi, mafuta, madzi oziziritsa, kenaka giya. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, ndipo mupite pa china mutaona zotsatira zake. Nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi miyezi ya mwera, June mpaka August, pamene masiku ambiri boti limaswera pamtunda.

1. Dziwani injini yanu ndi kumene yachokera

Pa chitsulo chomangira injini ku boti pamakhala kachikwangwani kolembedwa mtundu ndi nambala yake, monga E15D, E25B kapena E40G. Lembani zonse m'kope, chifukwa ndi zimene wogulitsa zipangizo adzakufunsani, ndipo impela kapena gasiketi ya mtundu wina siilowa ngakhale mahosipawa atafanana. Chilembo S chimasonyeza mwendo waufupi wa mainchesi 15, pamene L ndi wautali wa mainchesi 20. Injini yoyamba ndi zilembo EK ndi ija imayambira pa petulo n'kupitiriza ndi parafini.

Ngati kachikwangwaniko kachotsedwa kapena nambala yapalidwa, isiyeni injiniyo ngakhale mtengo utsike bwanji. Injini zimabedwa m'madoko, ndipo wopezeka nayo ndiye amayankha mlandu. Lemberanani kalata yogulitsirana yokhala ndi nambala ya injini, pamaso pa mfumu kapena a komiti ya padoko.

Funsaninso madzi amene inkayendamo. Imene inagwira ntchito m'madzi amchere, monga a ku Beira, Dar es Salaam kapena Durban, imakhala ndi ufa woyera kuzungulira mabawuti, ndipo mabawutiwo amakonda kuthyokera mkati pomasula. Athireni oyilo wofewetsa dzimbiri dzulo lake, agogodeni pang'onopang'ono pamutu, ndipo musawakakamize.

2. Konzani pogwirira ntchito

Khomani thabwa lolimba pa mitengo iwiri kuti injini iime chilili monga imakhalira paboti. Pansi yalani lona kapena saka, pakuti kasipuling'i kakagwera mumchenga sikapezekanso. Mufunika masipanala a 8, 10, 12 ndi 14, sipanala ya mapulagi, masikuludilaiva, pulayala, girizi, tochi, timabakuli tosungira mabawuti a gawo lililonse padera, ndi mgolo wodula pamwamba woyeseramo injini. Jambulani ndi foni chinthu chilichonse musanachimasule.

Gwirani ntchito panja, kutali ndi mbaula, nyali ndi osuta fodya. Utsi wa injini m'chipinda chotseka umapha. Musanakhudze pulopela, zulani mawaya a mapulagi.

3. Iyang'aneni musanaikoke

Chotsani chivindikiro. Penti ya pamutu pa masilinda ikakhala yopserera kapena yotupa, injiniyo inatenthapo kwambiri. Onani mawaya odyedwa ndi makoswe, mapayipi ouma ndi osweka, ndi mizere ya dzimbiri yosonyeza podontha madzi. Gwirani chigudumu cha pamwamba, chimene amakaniko amachitcha fulayiwilo, ndipo muchigwedeze uku ndi uku. Chikamagwedera, mabering'i a mkati atha.

Kokani chingwe pang'onopang'ono. Chikakana kutuluka, musafulumire kunena kuti injini yagwira. Injini zambiri zili ndi kachitsulo kotseka chingwe pamene giya yalowa, choncho yambani mwaona ngati ili pa nyutulo. Ngati ili pa nyutulo koma fulayiwilo siitembenuka ndi manja, chotsani mapulagi, goneketsani injini mabowo a mapulagi ayang'ane kumwamba, thiranimo oyilo wofewetsa dzimbiri, ndipo muisiye masiku awiri kapena atatu musanayesenso. Musaitembenuze ndi chitsulo chachitali, maring'i amathyoka.

4. Yesani mphamvu ya mpweya m'silinda

Apa ndi pamene mumadziwa ngati injini ndi yoyenera kuiwonongera ndalama. Pisitoni ikamakwera imapanikiza mpweya ndi mafuta, ndipo ngati maring'i atha kapena khoma la silinda lakalika, mpweyawo umathawa. Injini yotere ngakhale muikonzere kabuleta kakhumi idzavutabe kulira m'mawa, ndipo siidzakoka boti lodzaza ukonde ndi anthu.

Bwerekani geji ya kompuresheni kwa makaniko wa galimoto kapena wa njinga zamoto. Chotsani mapulagi onse, zulani kachipanda ka swichi yozimitsira kuti pasakhale moto, tsegulani chogwirira cha liwiro mpaka kumapeto, mangani geji pa bowo limodzi, ndipo kokani chingwe mwamphamvu kasanu. Lembani nambala, kenaka muchite chimodzimodzi pa silinda inayo. Injini yabwino ya mtunduwu imaonetsa 100 psi kapena kupitirira. Koma chofunika kwambiri ndi kufanana kwa masilinda awiriwo. Ina ikaonetsa 120 inayo 115, palibe vuto. Ina ikaonetsa 120 inayo 80, pali chowonongeka mkati: maring'i, pisitoni kapena gasiketi ya pamutu.

Popanda geji, bwezerani mapulagi ndipo mukoke chingwe pang'onopang'ono. Muyenera kumva kulimba kawiri kofanana pa kuzungulira kumodzi. Unikaninso ndi tochi m'bowo la pulagi kuti muone ngati khoma la silinda lili ndi mikwingwirima. Njirayi siilowa m'malo mwa geji, koma imakuchenjezani. Ngati simunalipire, apa ndi pokambirana mtengo kapena pobwerera.

5. Onani moto wa pulagi

Yambani ndi chinthu chaching'ono chimene chimasowetsa anthu mtendere: kachipanda ka swichi yozimitsira. Kakapanda kulowa bwino, injini siipereka moto.

Pulagi imafotokoza zambiri. Nsonga yofiirira ndi youma ikusonyeza kuti injini ikuotcha bwino. Yakuda ndi yonyowa ikusonyeza oyilo wochuluka, mafuta ochuluka kapena moto wofooka. Yoyera mbuu ikusonyeza kuti mafuta akuperewera ndipo injini ikutentha, zimene zili zoopsa kuposa zakuda zija. Pulagi imodzi ikakhala yotsukika kwambiri kuposa inzake, kapena ikakhala ndi timadontho ta madzi, madzi akulowa m'silinda, kawirikawiri kudzera pa gasiketi ya pamutu.

Bwezerani pulagi pa waya wake, igunditseni ku chitsulo cha injini kutali ndi bowo, muigwire ndi pulayala yokutidwa mphira, ndipo mnzanu akoke chingwe. Chitani izi pamthunzi. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuthetheka. Wachikasu ndi wofooka. Musakoke chingwe waya wa pulagi ali lende osagunda chitsulo, chifukwa mutha kupsereza kabokosi ka CDI.

Ngati silinda imodzi yokha ilibe moto, sinthanitsani mapulagi. Vuto likasamuka, pulagiyo ndiyo yafa. Likatsala pomwepo, onani kapu ya pulagi, waya wake ndi koilo. Ngati onse awiri alibe moto, zulani waya wochokera ku swichi yozimitsira, amene pa Yamaha amakhala woyera, ndipo muyesenso. Moto ukabwera, swichi ndiyo yawonongeka ndi chinyontho, ndipo mwapulumutsa ndalama za CDI. Ukapanda kubwera, palani dzimbiri pamene mawaya akuda amamangidwa ku chitsulo cha injini. Zikakanikabe, makoilo a pansi pa fulayiwilo ndi CDI ayesedwe ndi mita kwa makaniko musanagule chilichonse.

Gulani pulagi ya nambala imene buku la injini likunena. Yamaha 15 imagwiritsa ntchito NGK B7HS-10, ndipo 10 wa kumapetoyo akusonyeza mpata wa milimita 1 pa nsonga. Poika, yambani ndi zala mpaka itafika, kenaka mumange ndi sipanala kota kapena theka la kuzungulira. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, mazinga ake sachedwa kutha.

6. Tsatirani mafuta kuchokera kuthanki

Ngati mpweya ndi moto zili bwino, thirani kasupuni kakang'ono ka petulo wosakaniza ndi oyilo m'bowo la pulagi, bwezerani pulagi, ndipo mukoke. Injini ikalira kamphindi n'kuzima, mwatsimikiza kuti vuto ndi kafikidwe ka mafuta. Yambirani kuthanki, osati kukabuleta.

Kabawuti ka pa chitsekerero cha thanki kayenera kumasulidwa kuti mpweya uzilowa. Kakatsekedwa, injini imalira mphindi zingapo n'kuzima, ndipo kampira kopopera kamaphwa. Muvi wojambulidwa pa kampirako uloze ku injini. Mukapopa, kayenera kulimba. Kakapanda kulimba, pali pothawira mafuta, kapena timavalavu ta mkati mwake tatha, kapena singano ya m'kabuleta siikutseka.

Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982. Ethanol amakoka chinyontho, ndipo thanki ikakhala nthawi yaitali padoko, madzi amadikha pansi pamene payipi imayamwira. Ethanol amaumitsanso mapayipi akale mpaka kumasweka mkati, tizidutswa take n'kukatseka kabuleta. Onjezani apo petulo wa m'zigubu amene timagula mafuta akasowa, yemwe nthawi zina amabwera ndi madzi kapena zinyalala. Thirani petulo pang'ono m'botolo loonekera mkati ndipo mulisiye kwa mphindi khumi. Madzi akakhalamo mudzaona mzere pansi. Khuthulani thanki yonse, itsukeni ndi petulo watsopano, ndipo kuyambira pamenepo muzisefa mafuta ndi nsalu yoyera pothira. Petulo amene anabwera ndi injini yakaleyo musamugwiritse ntchito.

Tsukani kasefa ka mafuta ka pa injini. Kenaka pali pampu ya mafuta, imene ili ndi kamphira kopyapyala mkati. Chizindikiro chakuti kamphirako kang'ambika kapena kauma ndi ichi: injini ikuyamba kufooka, koma mukapopa kampira ndi dzanja ikutsitsimuka. Kusintha kamphirako ndi ntchito ya timabawuti tochepa, bola muone dongosolo la magasiketi pomasula.

7. Tsukani kabuleta mosamala

Zizindikiro za kabuleta yakuda ndi zodziwika. Injini imalira pokhapokha tchoki itakokedwa, imazima mukachepetsa liwiro, kapena imatsamwa mukawonjezera. Musayende nayo choncho. Pa injini ya mtunduwu oyilo amayenda limodzi ndi petulo, ndiye mafuta akamaperewera, oyilonso akuperewera. Pa injini ya makabuleta awiri, imodzi ikatsekeka silinda yake imayenda youma pamene inayo ikukoka, mpaka pisitoni kugwira.

Masulani kabuleta ndi kuchotsa kabakuli ka pansi. Mukapeza utomoni wachikasu kapena wobiriwira, ndi petulo amene anaumira momwemo. Chotsani fuloti ndi singano yake. Igwedezeni fuloti pafupi ndi khutu. Mukamva mafuta mkati, yabooka. Nsonga ya singano ikakhala ndi mzere wodyeka, isintheni, chifukwa ndiyo imachititsa kuti petulo azisefukira.

Majeti alipo awiri. Yaikulu imagwira ntchito pa liwiro, ndipo yaing'ono, ya bowo lochepetsetsa, ndiyo imasunga injini ikamalira pang'onopang'ono. Yaing'onoyi ndiyo imatsekeka kawirikawiri. Gwiritsani ntchito sikuludilaiva yokwana bwino, pakuti majeti ndi a chitsulo chofewa. Aviikeni mu mankhwala otsukira kabuleta kapena mu petulo woyera, pisanimo kachingwe ka nayiloni ka mbedza, ndipo muwauzire mpweya ndi pampu ya njinga mpaka kuwala kuoneke pabowo. Singano yosokera kapena waya wolimba zimakulitsa bowo, ndipo injini imayamba kumwa mafuta mopitirira muyeso moyo wake wonse.

Musanachotse kabawuti kosinthira kasakanizidwe ka mpweya ndi mafuta, kamangeni pang'onopang'ono uku mukuwerenga kuti kazungulira kangati mpaka kufika, osakanikiza. Lembani nambalayo, ndipo pobwezera mukabwezenso chimodzimodzi. Ambiri amaiwala zimenezi n'kutha sabata akusakasaka pamene kanali.

8. Yezani oyilo, musayerekeze ndi maso

Injini zambiri za mtunduwu zimafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, koma tsimikizani ndi buku kapena chizindikiro cha pa injini yanu. Pa muyeso umenewu, lita imodzi imafuna mamililita 20, malita 5 amafuna 100, malita 20 amafuna 400, ndipo malita 25 amafuna theka la lita. Injini imene yangoikidwa pisitoni ndi maring'i atsopano imafuna oyilo wowirikiza kawiri, gawo limodzi pa 25, kwa maola 10 oyamba.

Gulani oyilo wolembedwa TC-W3, wopangidwira injini za m'madzi. Oyilo wa galimoto sapsa bwino, amasiya mwaye umene umamata maring'i. Sungani kabotolo kamodzi kolembedwa mizere kuti aliyense wa paboti aziyezera komweko. Thirani oyilo mu petulo wochepa, khutchumulani, kenaka mudzaze. Kuchepetsa oyilo pofuna kusunga ndalama ndi kumene kwapha injini zambiri m'madoko athu, ndipo mtengo wa pisitoni, maring'i ndi makaniko umaposa kutali wa oyilo amene anapulumutsidwayo. Ngati injini yanu ndi ya mtundu wina uja wokhala ndi posungira oyilo pakepake ngati galimoto, musasakanize oyilo mu petulo.

9. Sinthani impela musanapite panyanja

Injini imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja momwemo. Amalowa pa timabowo ta m'munsi mwa mwendo, ndipo kagudumu ka mphira ka mapiko, impela, kamawakankhira kumutu. Pa injini yakale imene simukudziwa mbiri yake, langizo langa ndi lakuti musinthe impela ngakhale madzi akutuluka. Mphira umauma injini ikakhala osagwira ntchito, ndipo madoko athu ambiri ndi a mchenga, umene umadya mapikowo nthawi iliyonse boti likakocheza injini ikulira m'madzi osaya. Impela ikafa muli pakati pa nyanja usiku, injini imatentha m'mphindi zochepa.

Musailize injini pouma ngakhale kwa masekondi ochepa. Madzi ndi amene amafewetsa impela, ndipo popanda madzi mapiko amapsa nthawi yomweyo. Wogulitsa akafuna kukuonetsani kuti injini imalira poikoka pamtunda, mukanizeni.

Kasinthidwe kake ndi aka. Masulani polumikizira ndodo ya giya, kenaka mabawuti ogwira chigawo cha pansi. Pa injini zokulirapo pamakhala bawuti ina yobisika pansi pa kachipsepse kamene kali pamwamba pa pulopela, ndiye chigawocho chikakana kutsika musachimenye, funani bawutiyo. Chikatsika, mudzaona nyumba ya pampu pa shafiti. Masulani mabawuti ake, ikwezeni, chotsani impela, ndipo musataye kakiyi kakang'ono kamene kamaigwiritsa ku shafiti. Ngati mapiko ena aduka, afuneni mpaka muwapeze, chifukwa akatsalira m'njira ya madzi adzatseka. Onani mbale ya pansi ndi kapu ya chitsulo ya mkati. Zikakhala ndi mizere yakuya, impela yatsopano siikhalitsa, choncho gulani zonse pamodzi ndi magasiketi.

Mukaika impela yatsopano ndi kakiyi kake pa shafiti, pakani girizi pang'ono mkati mwa nyumba ya pampu ija. Poitsitsa, tembenuzani shafiti molowera kumene mivi ya wotchi imalowera mukayang'ana kuchokera pamwamba, kuti mapiko apindikire mbali yoyenera. Pakani girizi m'mbali mwa mano a kumutu kwa shafiti, koma osati pansonga penipeni, chifukwa girizi wa pamenepo amaletsa shafiti kulowa mokwanira. Pobwezera chigawo cha pansi, onetsetsani kuti kapayipi ka madzi kalowa m'malo mwake. Kakaphonya, zonse zimaoneka bwino kunja koma madzi safika kumutu.

Ngati impela ndi yatsopano koma kabowo kosonyeza madzi sikakutulutsa kanthu, pisanimo chingwe cha nayiloni. Mavu amakonda kumata dothi m'menemo injini ikakhala m'nyumba, ndipo mchenga nawonso umatseka. Chotsaninso ndere ndi mapulasitiki pa timabowo tolowera madzi.

10. Onani oyilo wa giya

Imikani injini chilili, ikani mbale pansi, masulani kabawuti ka m'munsi kenaka ka pamwamba. Oyilo wabwino ndi wachikasu kapena woderapo. Akatuluka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa. Akatuluka ndi tizidutswa ta chitsulo togwirika ndi zala, magiya akudyana. Akapanda kutuluka n'komwe, giyayo yayenda youma.

Kawirikawiri madzi amalowera pa silo ya kuseri kwa pulopela, imene imadulidwa ndi ulusi wa ukonde kapena chingwe cha mbedza chokulungika pa shafiti. Nthawi zina ndi timawashala ta timabawuti tiwiri tija basi, choncho tisintheni nthawi iliyonse.

Thirani oyilo wa giya wa SAE 90 kudzera pa bowo la m'munsi mpaka atatulukira pa la pamwamba. Tsekani la pamwamba poyamba, kenaka muchotse botolo ndi kutseka la m'munsi mwachangu. Mukathirira pamwamba, mpweya umatsekeredwa mkati ndipo oyilo sakwana. Yamaha 15 imalowa pafupifupi mamililita 250. Sinthani pa maola 100 aliwonse kapena pa miyezi 6, ndipo ngati munapeza madzi, onaninso pakatha sabata.

11. Pulopela

Wongolani kapini, masulani nati, ndipo muike zonse motsatana monga zachokera, makamaka washala wonenepa wa kumbuyo, amene akaiwalika pulopela imadya nyumba ya giya. Chotsani ulusi wonse, pakani girizi pa shafiti, ndipo muike kapini katsopano. Zungulitsani shafiti mukuyang'ana nsonga yake, ikamavina, yapindika.

Injini ikamakuwa koma boti osathamanga, mphira wa pakati pa pulopela ukhoza kukhala kuti ukuterereka. Lembani mzere ndi penti kuchokera pakati mpaka kunja, yendani pang'ono, ndipo muone ngati mzerewo wasiyana. Pa injini zing'onozing'ono ndi zakale pamakhala kapini kamene kamaduka pulopela ikagunda mwala. Musaikepo msomali m'malo mwake. Kapiniko kanapangidwa kuti kaziduka kuti magiya apulumuke.

12. Iyeseni mumgolo, kenaka panyanja

Dzazani mgolo mpaka madzi apitirire bwino chipsepse chopingasa cha pamwamba pa pulopela ndi pamene pali pampu. Ikani pa nyutulo, popani mafuta, kokani tchoki, ndipo mulize. Madzi ayenera kuyamba kutuluka pa kabowo kaja m'masekondi ochepa. Akapanda kutero, zimitsani. Ngati mwakoka kambiri ndipo pulagi yanyowa, bwezani tchoki, pukutani mapulagi, kokani kangapo mapulagi ali kunja ndi kachipanda kozimitsira katazulidwa, ndipo muyambirenso. Musaithamangitse kwambiri pa nyutulo. Ikalira mphindi zisanu, gwirani mutu wa injini: uyenera kufunda moti dzanja likhoza kukhalapo masekondi angapo.

Mumgolo simuoneka zonse, chifukwa injini siikukoka katundu. Poimanga paboti, chipsepse chopingasa chija chilingane ndi pansi pa boti kapena chitsikeko osapitirira mamilimita 25. Imangeninso ndi chingwe cholimba kuwonjezera pa zomangira zake. Ulendo woyamba ukhale wa masana, kufupi ndi gombe, nyanja ili bata, muli ndi nkhafi ndi majekete oyandamitsa. Mverani izi: ikafooka pa liwiro lokha, ganizirani jeti yaikulu, pampu kapena silinda imodzi yosayaka. Ikagunda ngati mwaomba chinthu pamene simunaombe, giya ikudumpha, ndipo muyambe mwaona ngati ndodo ya giya munaibwezera pa muyeso wake. Ikabweza chingwe mwamphamvu kapena kuphulika pokoka, makamaka ngati inagundapo mwala, kakiyi ka fulayiwilo kakhoza kukhala katadukira.

13. Injini ikagwera m'madzi

Changu ndicho chimaipulumutsa, chifukwa dzimbiri limayamba pa mabering'i injini ikangovuulidwa. Itsukeni ndi madzi oyera, chotsani mapulagi, ipendeketseni mabowo ayang'ane pansi, ndipo mutembenuze fulayiwilo ndi manja kuti madzi atuluke. Mukamva mchenga ukukhukhuta mkati, lekani pomwepo, thiranimo oyilo ndi kupita nayo kwa makaniko. Ngati ikutembenuka bwino, khuthulani kabuleta, thirani oyilo m'masilinda ndi pakamwa pa kabuleta, umitsani mawaya, ikani mafuta atsopano a oyilo wowirikiza, ndipo muilize tsiku lomwelo kwa theka la ola kapena kupitirira kuti kutentha kuumitse mkati.

14. Zosiyira makaniko, ndi kasungidwe

Kuchotsa fulayiwilo kumafuna chida chake chokokera. Nyundo imawononga kirankishafiti ndi maginito. Kutsegula pakati pa injini, kusintha mabering'i ndi masilo a kirankishafiti, kuboola silinda, ndi kuyala magiya a pansi ndi ntchito zofuna zida zoyezera. Pitani nazo kwa makaniko wodziwa injini za maboti, ndipo alangizi a zausodzi a m'dera lanu angakulozereni wodalirika. Mutengereni kope lanu lija lokhala ndi manambala a kompuresheni ndi zonse zimene mwayesa, ndipo mumupemphe akubwezereni zipangizo zakale zimene wachotsa.

Injini ikakhala kuti siigwira ntchito kwa milungu ingapo, zulani payipi ya mafuta ikulira m'madzi kuti petulo wa m'kabuleta athe, kenaka mumasule kabawuti ka pansi pa kabuleta kuti otsalawo atuluke. Iimikeni chilili mpaka madzi onse atsike musanaigoneke, ndipo pogoneka mutu ukhale pamwamba kuposa pulopela kuti madzi asabwerere m'masilinda. Thirani oyilo pang'ono m'mabowo a mapulagi, kokani chingwe kawiri, ndipo muiphimbe pamalo ouma. M'boti muzikhala chitini chotseka bwino chokhala ndi mapulagi awiri, sipanala yake, pulayala, sikuludilaiva, mapini a pulopela, nati yapadera, ndi chingwe chokulungira pa fulayiwilo ngati cha sitata chaduka.